Ndowa zinayi za Dorofe

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lirangwe tili bwino, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Mukuikumbukira filimu ya zigawo zambiri ija, ya anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi, imene tinkaonera kwa anzathu aja ku Chileka? Kanema anali m'nyumba mwawo mokha, ndiye mwana wawo Dorofe ankatitungitsa madzi kumjigo kuti tilowe. Tsiku la chigawo chomaliza tinatunga ndowa zinayi, koma anatitsekera kunja n'kukoka katani, ati mapazi athu ngafumbi. Inu munalira. Ine sindinaiwale.

Sabata yatha ndinaipeza pamsika, ogulitsa mafilimu anandiikira yonse m'memori. Loweruka masana ndikuonera, Dorofe yemweyo anatulukira kudzatchaja foni pa sola yathu, pajatu anakwatiwa konkuno. Atangomva nyimbo yoyambira ija, anakhala pansi osauzidwa.

"Mayo, filimu yathu ija! Mathero ake ndinaiwala, taikani chomaliza."

"Ndiika," ndinatero, "koma m'nyumba muno mulibe madzi."

Anaseka n'kunyamula ndowa. Pobwera anapeza foni yake ili pakhonde, chitseko chotseka, katani nditakoka. Anagogoda mpaka kutopa, ine ndikungokweza mawu a filimuyo.

Chigawo chomalizacho sindinaonerebe, ndikudikira inu pa Khirisimasi. Mulungu akusungeni mudzafike bwino. Chonde mudzabwere ndi sipika yaikulu kuti Dorofe azidzamvera panja. Watunga ndowa imodzi yokha, kwatsala zitatu.

Ine mlongo wanu,
Esinati