Phula la Njuchi za Bambo

Okondedwa achimwene Abílio,

Landirani moni kuchokera kuno kwa Afalansa, ku Clermont. Kodi bondo lija likukulolani kukwera phiri? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Nkhani ndi ya benchi yanga ya tchizi kumsika, ija anandisiyira malemu amuna anga a Serafim. Oyang'anira msika agwirizana kuti ikadutsa Pasaka, pasapezekenso wokulunga chakudya m'pulasitiki. Wolephera, malo ake aperekedwa kwa wina, ndipo odikira ndi ambiri. Sindikutsutsa ayi, mapulasitikiwo ndimawaona ndekha atakodwa m'mitengo. Koma tchizi cha mkaka wa mbuzi chimachita thukuta. Ndinayesa pepala, linanyowa n'kumatirira, ogula mpaka kumapala ndi mpeni.

Ndiye ndinakumbukira mmene mayi ankachitira, kunyika nsalu m'phula losungunula. Wosamalira tchalitchi anandipatsa zotsalira za makandulo. Ndinasungunula, ndinanyika nsalu, ndinakulunga bwinobwino. Achimwene, manyazi ake! Ghislaine, mnzanga wogulitsa nsomba pambali panga, atanunkhiza anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti iwe Deolinda, ukugulitsa tchizi kapena Misa ya maliro? Akuti ogula azilapa kaye asanadye. Kenaka ananditengera pambali n'kundiuza kuti makandulo amenewo ndi a mafuta omwewo opangira pulasitiki, si oyandikiza ku chakudya. Tchizi chonsecho ndinataya.

Phula la m'sitolo nalo ndikuliopa, poti timalemba tawo ta Chifalansa timandikanika, ndingagulenso zomwezo.

Pempho langa ndi limodzi. Mundidulireko phula la m'ming'oma ya bambo, mupatsire Horácio wa lole akamabwera kuno. Musalisungunulire mumphika wa soseji uja, lingatenge fungo la utsi.

Komatu chipsereni phiri chilimwe chatha, njuchi simunazitchulepo, ndipo ine ndakhala ndikuopa kufunsa. Ngati zinapsa, musandibisire poopa kundiliza. Mundiuze Pasaka isanafike, kuti ogula anga ndikawatsanzike ndi pakamwa panga, asadzangopeza mlendo ataima pa benchi ya Serafim.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Graciete, kwa azakhali a kuchigayo, ndi kwa ana onse.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,
Deolinda