Mizati ya Mzime Wanu

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, miyendo ija yasiya kutupa ndipo shuga watsika. Ife kuno tili bwino ndithu. Mpongozi wanu akupereka moni, ndipo adzukulu anu akukula ngati tikuwathira feteleza. Wamng'ono uja wayamba kale kundiyankha, anthu akuti watengera azakhali ake.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundipatsa mpata. Ndikangoti "Amayi," inu mwayamba kale kulira ndi kufunsa za mzime wanu, ine n'kudula ndisananene kalikonse. Iwe mlongo wanga amene ukuwawerengera, uwerenge zonse, usadumphe ngakhale mzere umodzi. Khalidwe lako ndimalidziwa.

Ndamva kuti kumeneko kwafika mbiri yoti ine ndinapundula mng'ono wanga. Amene akulankhula zimenezo sadziwa n'komwe ntchito ya pa fakitale yathu, choncho mundilole ndiyambe ndakufotokozerani. Mizati yathu ya konkire timaiumba itagona pansi m'zikombole zachitsulo, mzere wautali kuchokera ku geti mpaka kumpanda wakumbuyo. M'zikombolemo timadutsitsamo mawaya achitsulo onenepa ngati chala, n'kuwakoka ndi jeke wamkulu mpaka atakungika, moti mutawagunda ndi sipanala amalira ngati gitala. Kumapeto kwake timawapanikiza ndi tizitsulo togwira, timene timangotitcha kuti mano. Kenaka timathira konkire. Akauma timadula mawaya aja, ndipo pofuna kubwerera mwakale amafinya konkireyo, mzati n'kukhala woonda koma wotha kusenza nyumba yosanja.

Nzeru imeneyi ndi ya mwana wanu, sindikana. Ndiye amajambula mzati, n'kunena kuti ulowe mawaya angati ndipo akokedwe mpaka pati. Palibe mzati umene umatuluka pa geti iye asanasainire, n'chifukwa chake anyamata amamutcha Injiniya. Koma bwalo limeneli ndinaliyamba ine ndi fosholo ndi wilibala, ndikuumba mabuloko padzuwa, iye ali kusukulu kudya thukuta langa. Tsiku lotsegulira fakitale munandidutsa pakhomo ngati mukudutsa mlonda, n'kukamugwira iye masaya, muli, "Mwana wanga wamanga zonsezi!" Sindinadandaule ayi. Ndangokumbukira chabe.

Tsono nkhani ili chonchi. Tinapeza oda yaikulu kwa kontilakita wina amene akumanga sukulu yosanja, munthu wosafuna kumva za mawa. Tili m'kati mokonzekera, mwana wanu anabwera mu ofesi atanyamula mano aja m'manja.

"Achimwene, awa atha. Taonani, asalala ngati m'kamwa mwa khanda. Tiime kaye mpaka atsopano apezeke."

Ndinati, "Iwe, mano agwira ntchito chaka chonse osadandaula, ndiye adwale lero chifukwa wawayang'ana iwe?"

"Waya akapulumuka amadula munthu pakati, achimwene."

"Ndiye usamaime pakati."

Anyamata amene anali pakhomo anaseka, inenso ndinaseka. Inali nthabwala basi, ngati mmene tinkachitira tili ana.

M'mawa mwake iye anapita m'tauni kukasaka mano atsopano, ndipo ine ndinauza a kapitawo kuti akoke mawaya, poti ntchito siingaime chifukwa cha mantha a munthu mmodzi. Kuseri kwa jeke kumakhala chitsulo chachikulu chotchinga, koma sabata imeneyo tinali titachichotsa kuti tiphimbire dzenje la pa geti, malole azidutsa bwino. Nayonso inali ntchito yofunika. Mwana wanu anabwerako msanga kuposa mmene tinkaganizira, natipeza tili pakalapakala.

"Walamula zimenezi ndani? Zimitsani!"

A kapitawo anaimitsa jeke n'kuyang'ana ine. Amayi, taganizani, kukalipiridwa ndi mwana amene ndinkamupukuta mamina, pamaso pa antchito anga. Komabe sindinapse mtima. Ndinangoti, "Injiniya, ngati sukukhulupirira, pita ukaone wekha ngati waya akuterereka." Anapitadi kumapeto kuja, kuseri kwa jeke, nawerama kuti aone bwino.

Pali ena akunena kuti pamenepo ndinakodola a kapitawo kuti apitirize kukoka. Tsiku limenelo kunkatentha kwambiri. Kodi munthu asakwezenso dzanja kupukuta thukuta? Ngati mkulu uja anamva zina, limenelo ndi vuto la maso ake.

Tinangomva kuti thwaa! ngati mfuti. Fumbi litatsika tinamuona ali thapsa pansi, nsapato imodzi ili uko. Sanalire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, zimitsani jeke, mawaya enawo angathawenso." Mukuona, ngakhale iye mwini sananene kuti ndine.

Ndinamukweza ndekha m'galimoto, malaya anga atsopano n'kuonongekeratu, ndipo mlamu, mkazi wake, anapita naye kuchipatala. Ine ndinatsala, ndipo pamenepa mpomwe anthu akundidyera miseche. Koma konkire anali atasakanizidwa kale, ndipo konkire sadikira kuti anthu amalize kulira. Tinatsuka pansi ndi paipi n'kuthira tsiku lomwelo. Waya wothawayo sitinabwezeretse poti nthawi panalibe, koma ena onse analimo.

Kuchipatala anamudula mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo. Wamanja ulipo, ukungooneka bwinobwino, koma sukumva kanthu. Madokotala akuti anachita mwayi, ndipo inenso ndikutero. Akuluakulu oona za ngozi pantchito anabwera, tinakhala nawo mu ofesi tikumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo anapeza kuti wolakwa ndi amene anali pa jeke. A kapitawo ndinawachotsa ntchito. Anagwada pa geti mkulu wa imvi ngati uja, akuti, "Bwana, inu mukudziwa." Zinandimvetsa chisoni, koma munthu amene wavulaza m'bale wanga sindingamusunge.

Atatuluka m'chipatala ndinamusamutsa ku nyumba ya lendi ija n'kumupatsa chipinda cha pamwamba pa ofesi, chaulere, iye ndi mkazi wake. N'chipinda chabwino, chopita mphepo, ndipo windo lake limayang'ana pabwalo pomwe pali mizati. Ndinamugulira njinga ya olumala yatsopano, koma imakhala pansi chifukwa masitepe ndi opanikiza. Akafuna kutsika amandiuza, ine n'kutuma anyamata awiri ngati ntchito yachepa. Foni yake ndinamusungira, munthu wodwala amafunika kupuma. N'chifukwa chake simumamupeza.

Mizati itauma inatuluka yokongola, yosalala, yopanda ndi mng'alu womwe. Kontilakita anatumiza uthenga kuti akufuna katundu wake, ndipo ndinakwera ndi mapepala kuti mwana wanu asainire. Anawayang'ana n'kuwabweza.

"Sindisaina. Muli waya woperewera, ndipo otsalawo anafooka pamene mano anaterereka. Pamaso ikuoneka bwino, koma ikadzasenza katundu idzagonja."

"Idzagonja liti?"

"Sindikudziwa. Mwina chaka chamawa, mwina ine ndi inu titakalamba. Koma pansi pake padzakhala ana, achimwene. Iphwanyeni, tiumbe ina."

Tiumbe! Amayi, munthu woti apite kuchimbudzi mpaka mkazi amunyamule, akuti tiumbe. Ndinamulankhula mwaulemu, ndinamunyengerera, ndinamukumbutsa amene anamuphunzitsa sukulu. Mutu gwa! Kuuma mutu kumeneku munamuphunzitsa ndinu, poti kuyambira ali mwana akati "ayi" nyumba yonse inkati "ayi."

Masabata anapita, kontilakita akundiimbira ngati ndamubera mkazi. Ndiye Lolemba lapitali ndinaganiza kuti nkhaniyi isakhale ya anthu awiri. Ndinatuma anyamata kuti amutsitse, tinamukhazika pa njinga yake pakati pa bwalo, moyang'anana ndi mizati, ndipo ndinaitana antchito onse. Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti katundu akapanda kutuluka fakitale itsekedwa, aliyense akaone kolowera, ndipo amene wagwira kiyi ndi uyu mukumuonayu. Ndinati mukambirane naye nokha, ine n'kulowa mu ofesi.

Ndinkaonera pawindo. Poyamba ankamupempha. Iye anayesa kuwafotokozera za mawaya, akujambula m'mwamba ndi chala ngati ali m'kalasi. Kenaka wina anakuwa kuti, "Ana athu adya masamu anuwo?" Wina anati mwendo anadula umodzi koma nzeru zinapitira limodzi. Anthu amene iye anawaphunzitsa yekha ntchito, ena anawalemba ine ndikukana. Mmodzi anamulavulira pa tayala la njinga. Zimenezo sindinawatume ine. Atatopa anakakhala pamthunzi wa mpanda, akuti sagwira ntchito mpaka asaine, n'kumusiya pomwepo.

Pabwalo pathu palibe mtengo, ndi konkire yekhayekha, ndipo dzuwa la masana limawotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Anayesa kudziyendetsa koma matayala anakodwa m'miyala yotayikira pansi. Mlamu anamukankha mpaka pansi pa masitepe, kenaka analowa mu ofesi n'kugwada.

"Alamu, chonde, tumani anyamata awiri amukweze. Chilonda chija sichifuna kutentha."

Ndinati, "Mlamu, mwamva nokha, anyamata anyanyala ntchito. Ine ndingatume ndani?"

"Nanga inuyo?"

"Msana wanga mukuudziwa. Unathera pa mabuloko."

Anadzuka n'kutuluka. Mkazi uja ndi wochepa thupi, mukumudziwa, koma anamubereka mwamuna wake kumsana n'kuyamba kukwera, dzanja lina atagwira khoma. Kunena zoona ndinamusirira mng'ono wanga, akazi otere ndi osowa masiku ano. Atafika chapakati phazi linaterereka, onse awiri n'kugwa. Iye anagundira mwendo wodulidwa uja pa sitepe, bandeji n'kufiira nthawi yomweyo. Apa ndiye analira, kulira kumene sanalire tsiku la ngozi. Mlamu anali atang'ambika mlomo, komabe anagwadanso kuti amubereke kachiwiri. Mwana wanu anamugwira dzanja.

"Basi. Bweretsani cholembera."

Anasainira pomwepo pa masitepe, pepala ataliika pa bondo la mwendo wotsalawo. Atamaliza anandipatsa n'kunena kuti, "Mwakhuta, bwana?" Chibadwire sananditchulepo choncho, ndipo zinandipweteka kwambiri. Komabe ndinaitana anyamata, ndipo anamukweza bwinobwino mpaka pabedi. Mukuona kuti zinthu zikanatha kale popanda mavuto onsewa akanakhala womva.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ndapeza injiniya wina, wangomaliza kumene sukulu, munthu wosavuta amene amasaina osadzuka ndi pampando pomwe. Akufuna pogona, ndipo chipinda chimene ndili nacho ndi chapamwamba chija. Komanso ndaona kuti phokoso la makina silikumuchitira bwino mwana wanu, sakudya, amangokhala duu. Nthawi zonse munkadandaula kuti ndinakulandani mzime wanu n'kupita naye kutali. Ndikukubwezerani.

Loweruka lino lole yonyamula mizati ya kusukulu ija idzadutsa cha kwanuko. Iye ndi mkazi wake adzakhala kutsogolo ndi dalaivala, njinga tidzaimangirira pamwamba pa katundu. Mudzawadikire pamsewu waukulu chakumasana, chifukwa lole ndi yaitali, singakhote kulowa kwanu, ndipo dalaivala sangaime nthawi yaitali. Iwe mlongo wanga, upeze munthu wa msana wolimba. Mukonzenso khomo la kuchimbudzi, ndikukumbuka kuti ndi lopapatiza.

Za mankhwala anu musadere nkhawa, ndipitiriza kutumiza monga mwa masiku onse. Kungoti mtima wanga umagwa ulesi ndikamamva kuti nkhani zonyoza dzina langa zikuchokera m'nyumba yomwe ndikuidyetsa. Iye akafika adzalankhula zambiri. Mudzamumvere chisoni, munthu akadwala nthawi yaitali amasokoneza zinthu.

M'mawa uno ndinakwera kukamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ndinamupeza atatsamira pawindo, akuonerera makina akukweza mizati pa lole. Sanatembenuke. Anangoti, "Muwauze Amayi kuti mwana aliyense wa kwathu asadzaphunzire pa sukulu imeneyo." Ndalemba monga ananenera kuti muone nokha mmene mutu wake ukuyendera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga kumeneko ndi ana onse. Adzukulu anu akuti mubwere mudzawaone, koma ndawauza kuti agogo tsopano akhala otanganidwa, apezanso khanda lolera. Mudzisamalire, Amayi, musamanyamule zolemera. Mukamapemphera madzulo mukumutchula iye, mudzitchulako ndi ine, ngakhale kumapeto.

Ndine mwana wanu woyamba,
amene watsala chiimire.