Nati Simasuka Yokha

Lolemba, 3 Juni

Zandivuta. Alandilodi (m'buku lino ndi Achimimba) abwera m'mawa maso ali psuu. Akuti ndikamacheza pa wailesi yanga ndi anzanga akutali, mawu anga akumatulukira pa TV yawo. Dzulo m'busa ali mkati molalikira pa TV, ine n'kulowerera ndi mawu opatsira mnzanga mpata woyankha: "Mukundimva? Kwa inu." Akazi awo mpaka anayankha kuti ameni. Ndaseka, kumeneko ndiye kulakwa. Chigamulo: zikapanda kutha pofika Loweruka, eriyo yanga itsika padenga. Zaka 19 ili pamwambapo!

Lachiwiri, 4 Juni

Ndaveka zingwe zonse timphete totchinga phokoso, ndi za TV yawo zomwe. Poyesa, Achimimba akuwa pampanda: "Mukadalimo!" Ndiye poti ndinalimo kale, ndangonena pa maikolofoni kuti denga lodontha likonzedwe mvula isanabwere. Amva bwinobwino. Sanaseke.

Lachitatu, 5 Juni

Ndachipeza! Waya wopita pansi, uja ndinamangirira pachitsulo chokhoma m'nthaka kuseri kwa khitchini, nati yake inali lende. Waya ameneyu akamasuka, mphamvu ya wailesi imasowa kolowera, imangozungulira m'nthambo za nyumba ngati mlendo wosapatsidwa mpando. Ndamanga ndi sipanala, n'kuthirapo ndowa ziwiri kuti nthaka inyowe. Amake ana pazenera: "Chitsulocho chikabereka mutigawireko."

TV ya eni ake zii. Ukatswiri sagula, abale.

Lachinayi, 6 Juni

"Mukadalimo!" Achimimba akuwanso pampanda. Nati yamasukanso. Koma nati simasuka yokha.

Lachisanu, 7 Juni

M'mawa ndinamanganso, n'kupaka girisi wakuda panatipo, ine phee ngati sindikudziwa kanthu. Masana amake ana akundipatsira tiyi, chala chawo chili bii. Kasipanala kanga kena, kamene kanasowa masiku apitawa, ndakapeza m'kabati ya masipuni.

"Amake ana, girisiyu ndi wa m'mbale iti?"

Sanakane n'komwe. Akuti anazitulukira mwangozi mwezi watha, tsache litakola waya: ukamasuka, ndimamveka pa kawailesi kawo ka kukhitchini. Zoti ndikufikanso kwa Achimimba analibe nazo ntchito.

"Ndi anthu osawaona nkhope mumacheza maola atatu, kuseka mpaka kutsokomola. Kuno mawu anu ndi 'tiyi' ndi 'zikomo' basi. Ndimafuna ndizikumvaniko, bambo."

Anamvanso tsiku lija ndinkauza mnzanga wa kutsidya kwa nyanja kuti popanda amake ana ndikanapita kumanda chaka chimene ndinadwala chija. Akuti zaka 31 m'banja, kumva koyamba, komanso kudzera pa sipika.

Manyazi andigwira zedi. Tiyi mpaka wazizira m'manja.

Loweruka, 8 Juni

Nati yamangidwa, sipanala anagwira okha amake ana. Achimimba afika ndi makwerero paphewa. Tayesa katatu, TV zii, abwerera ndi makwerero awo akung'ung'udza. Eriyo ikadali pamwamba.

Atangochoka ndazimitsa wailesi. Ndakoka mpando mpaka pakhomo la khitchini, chibakera pakamwa ngati maikolofoni.

"Amake ana, amake ana, mukundimva? Kwa inu."

Iwo osatembenuka, akutsuka mbale: "Mukumvekera patali. Sunthirani kuno."