Tirigu wa Mlimi Wothyoka Mwendo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno kudziko la eni, ku Cannington, tilipo, Tadala wayamba kumera mano.

Lamlungu mayi a Tadala anandikakamiza kuonera filimu yachikondi ya ku Canada, yamakedzana. Iwo ankalira ndi zachikondizo, ine maso ali kumunda. M'filimumo, mlimi wofunsira mbeta atathyoka mwendo, mudzi wonse unabwera ndi akavalo kudzamukololera tirigu chisanu chisanagwe. Koma anthu amenewo, achimwene!

Ndinadzifunsa: ndikakhala kuntchito ku mgodi, mwanayu atatentha thupi, angabwere ndani? Ndinalimba mtima, ndinakagogoda kwa amayi achizungu oyandikana nafe. Iwo akuti, "Ndimamumva akulira, koma ndimaopa kukusokonezani." Pano kiyi wathu wina akusunga iwo.

Muwauze amayi athu asamadandaule, ndipo muzitipempherera. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yamikani