Mphasa ya Mkazi wa Mlenje

Katunga, Chikwawa
14 Okutobala 1997

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Marka kumeneko. Kuno zinthu zaipa. Bambo a Mabel, a Saulos, tawaika m'manda Lachiwiri lapitali.

Mukuikumbukira mvuu ija inatsala yokha padziwe, inkatidyera chimanga kudimba ija? Apongozi aamuna anati iphedwe ndi mikondo ya chingwe monga ankachitira akale, poopa kuti mfuti ingamveke kwa achitetezo a nyama. Matama awo mukuwadziwa. Amasunga chifupa chachitali ngati mtanda wa denga, chomwe chinatuluka gombe litagumuka, n'kumati, "Makolo athu anatha zilombo zoposa njovu, njovuzo tinamaliza ndife. Kamvuu kamodzi n'chiyani?"

Mwambo wa kuno ndi wakuti mwamuna akapita kokalasa mvuu, mkazi amakhala phee pamphasa m'nyumba. Akadzuka, nayo mvuu imalusa. Ndinakhala, Mayi, kuyambira m'mawa mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Amene anaona akuti a Saulos analasa bwino, pakhosi penipeni. Mvuu inamira, kenako inangotulukira pansi pa bwato n'kuliphwanya pakati. Inawaluma m'chiuno n'kuwapukusa ngati galu wagwira nsanza, madzi onse kufiira. Anzawo anaibaya mpaka mikondo kutha, nayo inakafera m'bango ikulira. Anabwera nazo pamodzi, nyama m'madengu, mwamuna wanga pamachira. Pamaliro anthu anadyera mvuu yomweyo. Ine sindinalawe.

Dzulo apongozi anandiitana pabwalo, chifupa chija chili m'manja. "Clotilda, unadzuka kapena sunadzuke?" Ndinangoyang'ana pansi. Alamu anandiwomba khofi mpaka dzino kugwedera. Akuti zikadziwika kuti ndinadzuka, ndichoka ndekha, mwana atsala. Ndili ndi mantha, Mayi. Chonde tumizani amalume adzatitenge sabata isanathe, koma asafikire kwa apongozi.

Mundiperekere moni kwa a Juliana ndi onse a kutchalitchi, azitikumbukira m'mapemphero. Mdzukulu wanu Mabel akupereka moni ndi dzanja lamanzere, lamanjali n'lomanga. Tsiku la mvuu lija anakwawira kumoto wa pakhonde pomwe nyemba zinkawira, ndipo panalibe wina womugwira koma ine. Wangopsa zala ziwiri zokha. Apongozi sanalionebe dzanjalo, ndikungomubereka tsiku lonse.

Ndine mwana wanu,
Clotilda