Dothi Lija Usadye

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga. Miyendo ija yasiya kutupa? Kuno tikupuma ndithu, koma ndikati tili bwino ndinama.

Ndayesa foni yako masiku atatu osakupeza, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi adalaivala omwe aja anakubweretsera chitini mwezi watha. Nkhani yake ndi ya chitinicho.

Paja unandidandaulira kuti mimbayo ikukulakalakitsa dothi, koma la kumudziko likumakhala ndi mchenga. Ine ndi matama angawa ndinakuuza kuti dothi lenileni lili kuno, kuseri kwa mulu wa zotaya za kumgodi, losalala ngati ufa, lonunkhira mvula yoyamba. Amayi apakati a mzere wa nyumba zathu onse amakumba pamenepo. Inenso ndinalidya miyezi yonse ya mimba ya Mapazi. Lakolo ndinachita kusankha ndi manja anga, kuliotcha pa mbaula kuti tizilombo tife, n'kulilongedza bwinobwino.

Ukudziwa kuti mwanayu tinamutcha Mapazi chifukwa cha mateche ake ali m'mimba. Lero zaka zitatu zakwana, sanandiitanepo amayi. Amangokhala pakhonde maso ali kukhoma, ndipo wakomokapo kawiri. Apongozi ankati ana aamuna amachedwa kuyankhula. Ine ndinkaseka kuti watengera ulesi wa bambo ake.

Sabata yatha kunabwera azaumoyo kudzayeza magazi a ana. Anamwino anandiitanira pambali n'kundiuza kuti magazi a Mapazi ali ndi mtovu wambiri, womwewu amakumba kumgodi. Akuti mphepo ndi mvula zakhala zikuumwaza m'nthaka yathu kwa zaka zambiri. Uli m'fumbi, m'masamba a kudimba, ngakhale mu ovololo ya alamu ako imene ndimachapa pakhomo.

Kenako anandifunsa ngati ndinkadya dothi ndili woyembekezera. Ndinayankha kuti ndinkayamba ndaliotcha. Iwo anati moto supha mtovu, ndipo chimene mayi wadya, wam'mimba wadyanso. Mankhwala amupatsa, koma akuti zimene zinaonongeka m'mutu sizibwerera zonse.

Ndalira mpaka maso kutupa, mng'ono wanga. Dzulo akumgodi akhoma chikwangwani pamalo paja choletsa kukumba. Zaka zonsezi anali kuti? Kwa ine madzi atayika, saolekanso, koma iwe ukadali ndi miyezi inayi.

Pempho langa ndi limodzi: dothi lija usadyenso, ngakhale kachibuma. Ndikukudziwa iwe, sutaya kanthu, udzati n'zachisoni mphatso yochokera kutali. Ukalithire m'chimbudzi pamodzi ndi chitini chake, osati kudzala kumene kumafukula nkhuku ndi kusewera ana. Ukatero upite kusikelo ndi kalata yomweyi, anamwino akawerenge okha. Ngati unagawirako mnzako, umuuzenso, usachite manyazi. Manyazi ndi anga.

Adalaivala akubwerera Lachisanu. Uwapatsire yankho, undiuze zoona kuti chitinicho chafika pati. Usandinamize pofuna kunditonthoza.

Undiperekere moni kwa amayi, koma za mdzukulu wawo ndidzawauza ndekha. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana a achimwene. Mapazi ali pamiyendo pangapa, akusewera ndi chivindikiro cha cholembera.

Undikhululukire. Ndinkafuna kukusangalatsa. Wakoyo adzakuitane amayi.

Ndine mkulu wako,
Make Mapazi