Makobidi Awiri a Mayi Thom

Lolemba, 11 Marichi

Tafika ku Ninh Binh masana, ine ndi chibwenzi changa Nhan. Mayi ake, mayi Thom, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo zinawatengera nthawi poti ndine wamtali. Kenako anafunsa Nhan, ine ndili pomwepo, ngati ku Hanoi amuna a msinkhu wabwinobwino anatha.

Za ukwati akuti sayankha iwo. Lachinayi tipita kukachisi wa kuseri kwa mapanga kukaponya makobidi awiri m'mbale. Lina likagwa chagada lina chafufumimba, mizimu yavomera. Akagwa mofanana katatu konse, ndikwera basi ndekha. Ndinaseka. Nhan sanaseke. Akuti chibwenzi choyamba cha mkulu wake chinathera m'mbale yomweyo.

Lachiwiri, 12 Marichi

Mayi Thom anatitenga pa bwato lawo kuti ndikaone mtsinje, umene umadutsa m'mapanga atatu. Amapalasa ndi mapazi monga amayi onse a kuno, atatsamira kumbuyo, manja akusenda chinanazi. Pa phanga loyamba anati weramani. Ndinawerama, koma osakwanira. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu anandiuza kuti phiri limeneli lakhala pano kuyambira makolo awo ndipo silinalakwirepo munthu, ndilisiye.

Chipumi chatupa ngati dzira la bakha. Amayi a mabwato ena andipatsa kale dzina. Nsungwi.

Lachitatu, 13 Marichi

Nhan wandipeza kuseri kwa khitchini ndikuyeserera kuponya ndi zotsekera mabotolo. Akuti mizimu si mayeso a kusukulu.

Kuseri komweko ndinaona mayi T. akudzola mafuta pa bondo, lotupa kuposa chipumi changa. Atandiona anatsitsa msanga mwendo wa buluku. Nhan akuti ndisatsegule pakamwa. Oyang'anira doko akadziwa awachotsa pamzere wa opalasa, ndipo apalasa zaka makumi atatu. Akuti tsiku limene adzawakhazike pakhomo ndi tsiku limene adzayambe kufa.

Lachinayi, 14 Marichi

Kukachisi sitinafike bwino.

Titangotuluka phanga lachiwiri, bondo la mayi Thom linakana. Nkhafi zinaima, nkhope yawo ili thukuta lokhalokha, kumbuyo kukubwera mabwato asanu a anzawo. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinavula nsapato n'kukuwa kuti mtsinje wonse umve, kuti mwamuna wa ku Hanoi sangapalasidwe ndi mzimayi, andipatse nkhafizo ndiwaonetse. Anandiyang'ana kamphindi, kenako anasuntha.

Kupalasa ndi mapazi ndi ufiti. Mwendo wamanja uli ndi maganizo ake, wamanzere ake. Tinazungulira malo amodzi kanayi, tinalowa m'munda wa mpunga wa eni ake, tinabalalitsa abakha. Alendo ankajambula. Mayi wina anaseka mpaka chipewa chinagwera m'madzi. Mayi Thom atakhala mwaufumu pakati pa bwato, mwendo atautambasula, ankauza aliyense wodutsa kuti: “Ndamuletsa, anzanga, koma Nsungwi samva. Musiyeni aone yekha.”

Tinafika woyang'anira kachisi atatseka kale. Pobwerera ndinapalasanso ine. Palibe amene anafunsa za bondo, nkhani pa doko ndi ine basi. Mapazi ali matuza okhaokha. Kunyumba mayi T. anangondikankhira mbale ya nyama ya mbuzi.

Mawa tibwereranso. Ndili ndi mantha, ndinene zoona. Nhan ndimamufuna.

Lachisanu, 15 Marichi

Wapalasa Nhan. Mayi ake anauza a pa doko kuti akufuna mkamwini wa mawa aone mmene mkazi wake amagwirira ntchito, koma nditamwetulira anati mawu ndi mawu chabe, mizimu sinayankhule.

Masitepe a kukachisi ndinakwera ngati nkhalamba. Tinayatsa lubani, tinaika zipatso, mayi Thom anagwada n'kutchula dzina langa ndi chaka chimene ndinabadwa. Anaponya. Onse chagada. Woyang'anira kachisi, mdala wopanda mano, anati mizimu ikuseka, mwina yamva za dzulo. Anaponyanso. Onse chafufumimba. Nhan anandigwira malaya kumbuyo.

Kachitatu ndinaona ndi maso angawa, onse chagada. Mayi Thom anawerama kupereka ulemu, kuwerama kwake kotalika, mkono wa malaya utaphimba mbale. Atadzuka, kobidi limodzi linali chafufumimba. Mdala uja anali kalikiliki kuyang'ana kudenga.

“Yavomera,” anatero mayi Thom. “Kapena alipo waona zina?”

Panalibe.

Pobwerera, tikuyandikira phanga loyamba, ndinamva dzanja pamutu panga likundikanikiza mpaka mphuno inagunda mawondo. “Werama bwino, mwana wanga, mutuwu tsopano ndi wa pakhomo pathu.”

Mapanga onse atatu dzanja silinachoke.